Woimba wotchuka wathetsa bandi mwadzidzidzi: kodi ali nafe ngongole?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Chilomoni, ndipo ikuti:

"Zikomo akuluakulu. Ine ndimaimba gitala ya besi. Kwa zaka 6 ndakhala ndikuimba kumbuyo kwa woimba wina wotchuka mu Blantyre muno, dzina ndisalitchule. Mwezi watha tinangoona pa Facebook kuti bwana asiya zoimba m'mashoo, akuti atopa ndipo akukapuma kwa abale awo ku Johannesburg. Ife a m'bandi tilipo 7, kuphatikizapo dalaivala ndi mnyamata wa zokuzira mawu, koma palibe anauzidwa kanthu. Mashoo atatu omaliza sitinalipidwe. Panalinso shoo ina imene matikiti anali atayamba kale kugulitsidwa, ndiye anthu akuimbira ine foni poti nkhope yanga amaidziwa. Ndikadandaula, ena akuti ndine wosayamika, chifukwa popanda bwanawo sindikanadziwika. Kodi munthu wotchuka ali ndi udindo uliwonse kwa ife amene timadyera dzina lake, komanso kwa anthu amene amamukonda? Kapena ndingozisiya?"

Achimwene, pepani ndi zimene zakuonekerani. Mtima ukhale m'malo: kufunsa malipiro a ntchito imene munagwira si kusayamika, ndipo musalole munthu akutsekeni pakamwa ndi mawu amenewo. Ine ndakhala nthawi yaitali ndikuyendetsa mabandi ndi kukonza mashoo mumzinda uno. Dandaulo ngati lanuli ndalimvapo kwa oimba ng'oma, ovina, madalaivala, ngakhale kwa telala amene ankasoka zovala za bandi. Nkhani imakhala yomweyo, osintha ndi maina okha.

Koma sindikunamizani kuti zonse zimene mtima wanu ukufuna bwana wanu ayenera kuchita. M'kalata mwanu muli nkhani ziwiri zimene zalowana, ndipo mukapanda kuzilekanitsa mudzataya mlandu womwe mukanawina. Ina ndi yoti bwana wasiya kuimba. Ina ndi ya mmene wasiyira.

Pa yoyambayo, ine ndili kumbali ya bwana wanu. Munthu ali ndi ufulu wotopa. Inu nomwe mukudziwa mmene sabata ya woimba wotchuka imayendera: Lachisanu ku Mangochi, Loweruka ku Lilongwe, Lamulungu masana akhale atafika ku Robin's Park, tulo togonera m'minibasi pamsewu wa M1, mawu atasasa koma anthu akufuna nyimbo zomwe zija, mokweza momwe muja. Akapita kumaliro a mbale wake, ena akufuna ajambulitse naye. Foni yake imadzadza ndi mauthenga opempha fizi, lendi ndi ndalama ya mankhwala, kuchokera kwa anthu amene sanawaonepo. Ndaona anyamata aluso akuthawira ku mowa chifukwa cha moyo umenewu, ena mpaka kutisiya akadali aang'ono. Ndiye munthu akanena kuti ndikapume, ine sindimutsutsa. Palibe anasainira kuti adzaimba mpaka kufa pofuna kuti Chilomoni idye. Okonda nyimbo amakonda kunena kuti "tinamutchukitsa ndife", ndipo akunena zoona ndithu, koma amene analipira pageti n'kuvina usiku wonse analandira kale zake. Tikiti ya chaka chatha siimanga munthu chaka chino.

Pa yachiwiriyo ndi pamene bwana wanu walakwa, ndipo walakwa kwambiri. Amene watopa amaitana anthu ake, n'kukhala nawo pansi, n'kuwauza maso ndi maso kuti anzanga, pofika mwezi wakuti ine ndikuima, yambani kuyang'ana kwina. Amalipira zotsala, ndipo ngati alibe, amanena kuti ndilibe, ndidzapereka motere. Kuti anthu amene mwayenda nawo zaka 6 amvere pa Facebook limodzi ndi dziko lonse, kumeneko ndi kuwanyoza. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Amene ali pamwamba akaima, ali ndi galimoto yogulitsa, ali ndi abale ku Johannesburg, ali ndi dzina limene lidzamutsegulirabe zitseko akadzabwera. Woimba besi ali ndi lendi ya pa 30 basi.

Mwina mukudzifunsa kuti zimatheka bwanji munthu amene mumadya naye mbale imodzi kuchita zotere. Ndikuuzeni mmene ndalama imayendera, chifukwa gwero lake lili pamenepo. Shoo ikatha, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, manijala amakhala kuseri kwa siteji ndi chikwama cha ndalama za pageti, tochi ya foni ili kukamwa, akuwerenga ma K2,000 onyowa ndi thukuta. Pakhomo pamakhala pataima mzere. Mwini malo amafuna zake, mwini zokuzira mawu amati masipika sakwera lole asanalandire, a chitetezo ndi mabaunsa ali pomwepo, wa jenereta akuwerengera mafuta, wa mapositala ndi wolengeza pa wailesi anangongoza dzana. Palinso chiphaso choimbira nyimbo pagulu chochokera ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo. Onsewa amalipidwa msanga chifukwa akhoza kukuvutitsa usiku womwewo kapena kukukaniza malo ulendo wina. A m'bandi amakhala omalizira, popeza iwo ndi "a pakhomo". Amapatsidwa ya thiransipoti n'kuuzidwa kuti tionana Lachiwiri ku pulakatisi. Lachiwiri likafika, ndalama ija yapita ku dipoziti ya shoo yotsatira. Umu ndi mmene mashoo atatu amasanduka ngongole popanda munthu kukhala pansi n'kukonza zoti abe.

Onjezanipo mmene zinthu zasinthira. Kale chimbale chinkabweretsa ndalama, lero nyimbo anthu amangotumizirana pa WhatsApp kapena kukaikitsa m'memore khadi pamsika. Zatsala ndi mashoo, maukwati ndi makampani amene amalemba woimba kuti akhale nkhope ya malonda awo. Ndalama ya makampaniyo, yomwe ndi yonona, imalowa m'thumba la mwini dzina yekha, ngakhale kuti kamvekedwe kamene kanamutchukitsa munakapanga nonse. Mu 2020, boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100 chifukwa cha Covid-19, tinaona poyera kuti a m'bandi alibe pogwira: mwini dzina ankatha kupeza kena kake, koma oimba zida ambiri anagulitsa magitala. Kenako mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo nsambo za gitala, zingwe, masipika, zonse zochokera kunja zinakwera, pamene mtengo wa pageti sungakwere choncho anthu osathawa. N'chifukwa chake oimba ambiri masiku ano amangoyenda ndi DJ ndi kafulashi, bandi yonse n'kuisiya. Sindikunena izi pofuna kumuikira kumbuyo bwana wanu. Ndikufuna mudziwe kuti kawirikawiri amene "akukapuma" amakhala akuthawanso manyazi a ngongole. Zimenezi sizifafaniza ngongoleyo, koma zikuthandizani kusankha mawu pomulankhula. Munthu wamanyazi ukamuyamba ndi mwano amazimitsa foni.

Tsono tibwere ku malamulo, chifukwa ambiri a inu mumaganiza kuti popeza simunasainirane pepala ndiye kuti mulibe chanu. Si choncho. Lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limavomereza mgwirizano wa pakamwa, ndipo udindo wolemba mfundo za ntchito papepala limaupereka kwa wolemba ntchito, osati kwa inu. Limanenanso kuti munthu amene moyo wake wa zachuma ukudalira wina, ndipo ali wokakamizika kumugwirira ntchito mofanana ndi wolembedwa, akhoza kuwerengedwa kuti ndi wantchito ngakhale bwanayo azimutcha waganyu. Apa ndi pamene mlandu wanu wagona. Akakufunsani kuti: ndani ankanena tsiku ndi nthawi ya pulakatisi? Zida zinali za yani? Kodi munali ndi ufulu wokana shoo n'kupita kukaimba ndi bandi ina? Munkalandira mokhazikika kapena mwa apo ndi apo? Ngati munkaimbira iye yekha, pa nthawi yake, ndi zida zake, kwa zaka 6, muli ndi poyambira pabwino. Ngati munkadumphadumpha, lero kuno mawa uko, ndiye kuti mumaoneka ngati munthu wodziimira payekha, ndipo chimene mungafunse ndi ndalama ya mashoo atatu aja basi. Imeneyo yokha palibe angakukanizeni, chifukwa ndi ngongole ngati ina iliyonse.

Mukapezeka kuti munali wantchito, nkhani imakula. Wantchito sachotsedwa popanda chidziwitso. Wolandira pamwezi amayenera kuuzidwa kutatsala mwezi umodzi, apo ayi alipidwe ndalama ya mweziwo. Ntchito ikatha chifukwa bwana watseka bizinesi, pamakhala ndalama ya severance: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyambirira, ndi a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10. Kwa inu, zaka 6 zikakhala zokwana, amenewo ndi malipiro a masabata 13. Vuto limene ndimaliona nthawi zonse ndi lowerengera kuti "sabata" ya woimba ndi ndalama zingati, poti mwezi wa December mumaimba kasanu pa sabata pamene February mumangokhala. Apa m'pofunika umboni. Musafufute mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba amene bwana kapena manijala ankakutumizirani, mauthenga a pagulu la WhatsApp la bandi, mapositala, ndi makanema a mashoo atatu aja oonetsa inu muli pasiteji. Wina mwa inu akhale pansi ndi kope n'kulemba shoo iliyonse, tsiku, malo, ndalama imene munagwirizana ndi imene munalandira.

Koma musathamangire kukhoti. Yambani ndi kukumana nonse 7 n'kugwirizana chimodzi, chifukwa mukapita mmodzimmodzi, wina adzapatsidwa K50,000 yapambali n'kuyamba kunena kuti bwana ndi munthu wabwino. Musamusiye kunja dalaivala ndi mnyamata wa zokuzira mawu uja. Iwowa ndi amene amaiwalika msanga pomwe ndi amene amafika oyamba n'kuchoka omaliza. Lembani kalata imodzi yaulemu, yopanda mawu olasa, yonena ndalama zimene akusungirani ndi tsiku limene mukuyembekezera yankho. Itumizeni kwa iye ndi kwa manijala, ndipo musunge kope lake. Kenako pezani munthu amene bwanayo amamuchitira manyazi: malume ake, abusa a kumpingo kwake, kapena woimba wamkulu amene anamulera m'zoimba. A Musicians Union of Malawi nawonso mukhoza kuwafikira kuti akhale pakati. Milandu yambiri yotere imene ndinaiona ikutha bwino inathera pakhonde la munthu wamkulu, bwana n'kuvomera kulipira pang'onopang'ono, kapena kupereka chida china m'malo mwa ndalama. Akavomera, zilembedwe ndipo asaine, ngakhale pa WhatsApp pomwepo alembe kuti ndavomera. Mawu akuti "ndife banja" ndi amene akufikitsani pano.

Pali zinthu ziwiri zimene mtima ukukuuzani kuti muchite, ndipo zonse ndi zoopsa. China ndi kulemba pa Facebook. Ndikudziwa kukoma kwake: pofika madzulo anthu masauzande ali kumbali yanu. Koma mukawonjezera mawu amodzi amene simungawaperekere umboni, monga kumutcha wakuba kapena kuulula za m'banja mwake, mlandu umatembenuka, iye n'kukhala wodandaula. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lamangitsapo anthu chifukwa cha zolemba pa intaneti. Komanso Blantyre ndi yaing'ono. Oimba ena amene akanakulembani adzayamba kukuopani. China ndi kugwira zida. Ngati ampulifaya kapena kiyibodi ya bwana ili kunyumba kwanu, musaigulitse ndipo musaibise kuti ikhale chikole popanda iye kuvomera molemba. Ndinaonapo mnyamata wa ng'oma akugona m'chitokosi chifukwa cha mikisa imene ankati akudzilipira nayo, ndipo ngongole yake yeniyeni inafera pomwepo.

Za anthu amene akukuimbirani foni chifukwa cha matikiti, yankho ndi lalifupi. Inu simunagulitse tikiti, ndiye musalonjeze kanthu ndipo musatulutse ndalama ya m'thumba mwanu chifukwa cha manyazi. Auzeni mwaulemu kuti nanunso mukudikira, ndipo muwalozere kwa amene analandira ndalamazo. Nthawi zina amakhala woimba mwiniwake, nthawi zina amakhala promota amene anamulipira kale woimbayo dipoziti, ndipo zikatero promotayo ndiye abweze kwa anthu, iye akalimbane ndi woimbayo payekha. Wogula tikiti ndi wogula ngati wina aliyense, ndipo lamulo la Consumer Protection Act la 2003 limamuteteza. Akakanizidwa ndalama yake akhoza kukadandaula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, atanyamula tikitiyo kapena uthenga wa pafoni wosonyeza kuti analipira. Ambiri sapita poona kuti ndalamayo ndi yochepa, ndipo okonza mashoo ena amadalira zimenezo.

Mwafunsa za udindo wa munthu wotchuka kwa omukonda, ndiye ndinenepo maganizo anga, ngakhale ena sagwirizana nawo. Kwa ine, udindowo uli pa zimene iye mwini walonjeza ndi zimene dzina lake likugulitsa. Positala ikati shoo iyamba 8 koloko, asafike 1 koloko ya usiku ataledzera n'kuimba nyimbo zinayi. Ikati pakhala bandi, pasakhale kafulashi. Malo akhale otetezeka, osadzaza kupyola muyeso chifukwa cha dyera la pageti, pakuti mtsikana amene wachokera ku Bangwe kapena ku Machinjiri wabwera chifukwa chokhulupirira dzina limene lili papositala. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya malonda. Woimba akaima n'kunena kuti ikani ndalama zanu apa zichulukana, kapena imwani mankhwala awa muchira, anthu samva kampani, amamva iyeyo. Zikavuta, kunena kuti "ine ndinangolembedwa ganyu yotsatsa" sikokwanira, popeza chimene kampaniyo inagula ndi chikhulupiriro cha anthu osauka pa iye. N'chimodzimodzi ndi zopereka. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023, anthu ambiri odziwika anatolera thandizo, ndipo anachita bwino. Koma aliyense wotolera m'dzina la ovutika ayenera kuonetsa poyera kuti zinalowa zingati ndipo zinapita kuti, asanafunsidwe n'komwe.

Kupitirira apo, omukonda alibe gawo. Banja lake, matenda ake, mpingo umene wasankha, kaya wasiya nyimbo zachikunja n'kuyamba zauzimu, zimenezo ndi zake. Sakakamizidwa kuyankha uthenga uliwonse kapena kulipirira fizi aliyense amene wamulembera. Akathandiza ndi chifundo, ndipo chifundo sitichita kulamula.

Pali gulu lina limene simunalitchule: amayi ogulitsa mazira owiritsa ndi chimanga chootcha pageti, anyamata a chiwaya, a kabaza amene amadikira shoo ithe. Amenewa palibe lamulo limene lingawathandize, ndipo bwana wanu alibe nawo ngongole. Koma mayi amene wakongola ndalama ku banki m'khonde n'kugula mathireyi a mazira chifukwa cha shoo ya Loweruka, akamva Loweruka lomwelo kuti kulibe shoo, wagwa nayo. Kulengeza msanga kukanamupulumutsa, ndipo sikukanamudyera bwana wanu ngakhale tambala.

Tsono inu muyang'anenso kutsogolo, pakuti ngakhale mutalipidwa zonse, ndalamayo siifika Khirisimasi. Anthu amene aimba limodzi zaka 6 ali ndi chinthu chimene mabandi ambiri alibe, ndicho kumvana popanda kuyang'anizana. Evison Matafale atamwalira mu November 2001, ambiri ankati Black Missionaries yathera pomwepo, koma anyamata a ku Chileka aja anapitiriza ndipo akuimbabe. Alleluya Band ya ku Balaka yadutsamo oimba otchuka ambiri, ena n'kuchoka kukayamba zawo, bandi n'kutsalabe. Kumeneko dzina linali la gulu, osati la munthu mmodzi. Inuyo dzina la bwana musaligwiritse ntchito papositala popanda chilolezo chake, ndipo nyimbo zake muzisamala nazo; funsani a COSOMA za chiphaso choyenera. Muwafunsenso ngati muli ndi gawo pa nyimbo zimene munajambula naye ku situdiyo, chifukwa lamulo la Copyright Act la 2016 limazindikiranso oimba zida, osati olemba nyimbo okha, ngakhale zambiri zimadalira zimene munagwirizana pojambulapo. Pokambirana ndi bwanayo, chimodzi mwa zimene mungapemphe ndi choti akubwerekeni kapena akugulitseni zida motsika mtengo, ndalama yake ichotsedwe pa ngongole ija. Maukwati, mahotela, mapwando a makampani ndi oimba achinyamata amene alibe bandi, onsewa amafuna anthu odziwa ntchito. Ndipo ulendo uno, aliyense wokulembani mugwirizane papepala: ndalama zingati, theka musanakwere galimoto, ndipo shoo ikalephereka mulandira chiyani.

Kalata ikapanda kuyankhidwa ndipo akuluakulu akalephera, musazengereze. Lamulo limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku limene ntchito yatha kuti mukadandaule kwa a ofesi ya leba za kuchotsedwa mosayenera, ndipo mwezi umodzi wapita kale. A leba amaitana mbali zonse ziwiri, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti la milandu ya ntchito la Industrial Relations Court, lomwe lili mu Blantyre momwemuno. Ngati nkhani yanu ingaoneke kuti ndi ya ngongole chabe, khoti la majisitireti limamva milandu yotere. Popeza bwanayo ali kunja kwa dziko, pafunika loya akuunikireni mmene masamoni angamufikire komanso ngati pali kampani kapena manijala amene angayankhe m'malo mwake. A Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Dziwiranitu kuti milandu imachedwa, ndiye musakatenge katapila powerengera ndalama imene isanabwere.

Muziyenderananso. Mwa anthu 7 sipalephera mmodzi amene zamulowa kwambiri, amene wasiya kutuluka m'nyumba, sakugona, kapena wayamba kumwa kuyambira m'mawa. Mukamva wina akulankhula zoti moyo watha ntchito, musaziyese nthabwala za oimba. Mutengeni mupite naye ku chipatala cha Queen Elizabeth kapena kwa mlangizi tsiku lomwelo, ndipo abale ake adziwe.

Popita ku ofesi ya leba mupite nonse, mutanyamula ziphaso zanu za unzika, kope lija la mashoo, kalata imene munamulembera bwana, ndi mauthenga a pafoni mutawasindikiza papepala, chifukwa foni imatha moto munthu uli pamzere.